Sitima ya a Dale Ili Padoko

Pamene ndinkaganiza zopita ku America, bambo anga anali adakali amphamvu, akupalasa njinga okha mpaka ku Balaka. Ndinawauza kuti ndikangogwirako ntchito pang'ono, ndibwere ndidzafolere nyumba ndi malata. Iwo anangoti, "Pita Esinati, koma usakatayike." Ndinaseka, poti masiku amenewo kuseka sikunkandivuta.

Ntchito ndinaipeza ku Falls Church, yosamalira nkhalamba ina yachizungu, a Dale, amene mutu unali utayamba kuwasokonekera. Dzina la mwana wawo ankaliiwala, koma za sitima yankhondo imene anagwiramo ntchito ali mnyamata, ayi ndithu. Chithunzi chake chinali pamwamba pa bedi, chisitima chotuwa. Ine wakumtunda, woopa ngakhale bwato, ndinaphunzitsidwa zonse uku ndikuwasambitsa. Kutalika kwake kunkaposa bwalo la mpira. Inali ndi injini ziwiri zonga za ndege, zonse zozunguza chopalasira chimodzi. Kumbuyo kwake kunkatera mahelikopita awiri, kutsogolo kuli mkono wachitsulo woponyera mizinga yolondola yokha kumene yatumidwa. Inaperekezapo masitima a mafuta kunyanja za kwa Aluya, kenako inkathamangitsa ozembetsa mankhwala ozunguza bongo. Itakalamba anaichotsa mkono uja, n'kumangoyenda ngati galu wopanda mano.

Mwana wawo wamkazi anandinong'oneza tsiku loyamba lomwe kuti sitimayo kulibenso. Asilikali anaikokera pakati pa nyanja, n'kuyeserapo mizinga mpaka inamira. "Musawauze," anatero. "Akafunsa, muziti ili padoko."

Ndiye m'mawa uliwonse a Dale ankafunsa, ine n'kumayankha kuti ili padoko, akuipaka penti. Akamva zimenezo ankadya bwinobwino.

Ndinkagona m'kachipinda ka pansi pa nyumba ya eni ku Bowie, kopanda zenera loti n'kuonera kunja. Ndinasungulumwa kwambiri, sindibisa. Ndalama ndinkatumiza, malata anagulidwa, koma mapepala anga ondilola kukhala m'dzikomo ankachedwa, ndipo kutulukamo popanda mapepalawo kunali kudzitsekera khomo. Zaka zinangowunjikana. Ndikaimba foni kufunsa za bambo, mng'ono wanga Mphatso ankati, "Ali bwino achemwali, angopita kumene kudimba." Tsiku lina ali kudimba, tsiku lina agona, tsiku lina netiweki yavuta. Ndinkakhulupirira, chifukwa mtima wanga unkafuna zomwezo.

A Dale anamwalira akudziwa kuti sitima yawo ikupakidwa penti. Mapepala atatuluka ndinakwera ndege.

Nyumba ndinaipeza yowala malata. Njinga inali kuseri, matayala ataphwa, tcheni chitadyeka ndi dzimbiri. Bambo anali pakhonde, ataonda, malaya awabatanitsira mpaka m'khosi. Ndinagwada n'kuwagwira dzanja.

"Muli bwanji mayi?" anatero mwaulemu. "Mwachokera kutali?"

Kenako anatembenukira kwa Mphatso. "Kodi Esinati wabwera?"

"Ali m'njira, bambo," anayankha Mphatso, pakamwa patazolowera.

"Ndine, bambo. Ndine Esinati," ndinatero. Anandiyang'ana mwamantha, n'kuchotsa dzanja lawo. Anati Esinati wawo ndi mtsikana, alibe imvi, ndipo tisawaseweretse. Tsiku limenelo anakana kudya.

Kuseri kwa nyumba ndinamukalipira Mphatso kuti anandibisiranji. Iye sanakweze mawu. "Tikanakuuzani mukanatani, achemwali? Mukanangolira nokha m'dziko la eni. Munthu ali kutali timamupimira nkhani." Ndinkadziwa za injini za sitima yomwe inamira kalekale, koma osadziwa chaka chimene bambo anga anasiya kupalasa njinga. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Kutacha ndinatenthetsa madzi, ndinamuuza Mphatso kuti apumeko, ntchito iyi ndimaidziwa. Ndikuwapukuta mapazi, bambo anawerama n'kundifunsa motsitsa mawu, monga mmene munthu amafunsira mlendo wodutsa.

"Mayi, inu mwayenda. Mwana wanga Esinati simunakumane naye?"

Ndinafinya thaulo, ndinawayang'ana.

"Ali m'njira, bambo," ndinatero.

Anagwedeza mutu movomera, n'kupempha phala.