Manja a Azakhali Anakafika pa Msonkhano

Azakhali anga anayamba kufufuta zikopa pafakitale ine ndili mwana. Manja awo ndi ong'alukang'aluka ndi mankhwala, ndipo zala ziwiri sizipinda. Anzawo amawatchula Mayi Wailesi chifukwa sasunga mawu m'kamwa. Magolovesi anapempha mpaka kukhosi kuuma, kapitawo n'kumangoti, "Mawa, mayi."

Nditabwerako kumayiko akunja ndinafikira kwa iwo, m'chipinda chonunkha chikopa chonyowa. Chilichonse chinkandipsetsa mtima: mpopi wodontha, mzere wa basi, anthu ongoti zili bwino.

Tsiku lina kufakitale kunabwera alendo a bungwe lina lakunja. Antchito ena onse anabisa manja m'matumba. Azakhali anatambasula awo kutsogolo kwa kamera.

"Jambulani bwino, aone amene amavala nsapatozo."

Chithunzicho chinayenda. Koma nkhani silowa pa zokambirana za malonda a mayiko chifukwa choti wina akumva ululu. Imalowa wamphamvu akaona kuti imupindulira. Eni mafakitale a zikopa kutsidya la nyanja, amene mitengo yathu yotsika inkawalanda makasitomala, anathamangira nacho chithunzicho ku boma lawo. Bomalo linapempha kuti pa msonkhano wotsatira pawonjezeredwe mutu watsopano: umoyo wa antchito. Nthumwi zathu zinakana, zinati imeneyo ndi njira yotitsekera msika. Za manja sanakambe n'komwe. Ankalimbana zoti mutuwo ulowe kapena usalowe. Ogula akunja, poopa manyazi, anaimitsa maoda a zikopa zathu.

Bwana wa fakitale anazindikira zala ziwiri zija pachithunzipo. Anaitanira azakhali mu ofesi.

"Mwatchuka, mayi. Pitani akakulembeni ntchito anzanu akunjawo."

Azakhali atafika kunyumba, ine ndinayamba kuwafotokozera kuti mutuwo ukangolowa, mwina m'tsogolo mudzatuluka lamulo.

"Iwe wakunja, takhala chete," anatero akuvula nsapato. "Lamulo lakolo lidzandipeza kumanda. Alipo anabwera kudzandifunsa ngati ndikufuna fakitale iime? Ine ndimangofuna kugwira ntchito osapsa, basi."

Mawu amenewo mpaka pano amandiwawa.

Mutu uja unalowa ndithu, ndipo anausankhira komiti yoti iunike. Anzawo a azakhali a pafakitale, amene tsopano amangolowa theka la sabata, sawapatsanso moni panjira. Azakhali ayenda kale mafakitale ena onse. Akangotchula kumene ankagwira, mlonda wa pageti amawauza kuti malo palibe.