Chilembo chokhotera kuseri kwa golosale

Achimwene, papita zaka chitisiyireni, koma lero mwandiseketsa m'kalasi. Aphunzitsi athu a luso lokonza zikwangwani ndi zithunzi pa kompyuta amafotokoza kuti kale, makina osindikizira asanafale, zonse zinkalembedwa pamanja, ndipo wolemba ankayamba wayeza khoma. Pomwepo ndakumbukira chaka chija fodya anagulidwa bwino, amayi n'kutsegula golosale kwathu kwa Chulu. Munati, "Tilipirirenji munthu ine ndilipo?" Munakwera pampando ndi penti wobiriwira, kuyeza ayi. TIYAMIKE anatuluka wonenepa bwino, koma pofika pa GOLOSALE khoma linatha, zilembo n'kupanikizana mpaka E womaliza kukhotera kuseri. Amayi anagwira m'chiuno. "Ndiye ogula azichita kuzungulira nyumba kuti amalize kuwerenga?" Inu, penti ali pamphuno, munangoti, "Akazungulira aonanso tomato wanu kuseriko."

Mwezi watha amayi anandipempha chikwangwani chosindikiza, poti penti uja wayamba kusuluka. Ndinachikonza mosamala, zilembo zonse zopuma bwino monga atiphunzitsira. Nditafika nacho kumudzi anachiyang'ana kwa nthawi, kenaka anati, "N'chokongola mwanangu, koma ukhome pamwamba pa chitseko. E wa mkulu wako usamuphimbe." Ndinakhoma pomwe ananenapo, mtima uli mbee. Gonani mumtendere, achimwene. E wanu akadasuzumirabe kuseri, ndipo tomato wa amayi akuyenda malonda.