A Chigiriki ndi Mzere Umene Sanaufewetse

Akhristu anzanga, ambiri tinkangowadziwa ngati mkulu wa jekete lotuwa uja, wofika ku Misa zitseko zisanatsekulidwe. Ana asukulu ndi amene anawatcha a Chigiriki, ndipo dzinalo linakakamira mpaka ife akuluakulu tinaiwala lenileni.

Anabadwira m'banja losauka, bambo awo anali osoka nsapato. Ali mnyamata analowa seminale, komwe anaphunzira Chigiriki kuti aziwerenga Chipangano Chatsopano. Bambo awo atamwalira anatuluka kukalera azing'ono awo, unsembe n'kuthera pomwepo. Palibe anawamvapo akudandaula. Anayamba uphunzitsi, ndipo ataona kuti ana akungotuluka thukuta ndi Chingerezi chachikale cha m'mabuku, anayamba kumasulira okha masewero achisoni a Agiriki akale m'Chingerezi chomveka.

Ntchitoyi ankagwira ndi mkazi wawo pa tebulo lodyera. Iwo ankayenda uku ndi uku akutchula mzere uliwonse mokweza, mayi akutayipa. Mayi ankakonda kuwaseka: "Koma anthu anuwa, bambo! Tsiku lililonse kuphana. Kwawoko kunalibe owaleretsa?" Aphunzitsi ankaseka nawo, koma lamulo lawo silinkagwedezeka. "Kuwonjezera mawu pomasulira," ankatero, "n'kunamizira munthu wakufa amene sangadziyankhire."

Mayesero anafika pamene mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana woimba kwaya, anadwala mwadzidzidzi n'kumwalira. Mayi anasiya kupemphera. Sanakangane ndi munthu, kutchalitchi anangoleka kupondako. Kutayipa kokha ndiko sanasiye, ndipo tsoka ilo, sewero lomwe linali patebulo linali la mayi wolira mwana wake, wonena kuti kumwamba kulibe womva kulira kwa munthu.

Mzere umenewo unawazunza aphunzitsi. Ankadziwa kuti ukalowa m'makutu mwa mkazi wawo sudzatulukanso. Mayi sankadziwa Chigiriki ngakhale chilembo chimodzi, ndiye atati aufewetse, akanadziwa ndani? Anapita kukafunsa nzeru kwa bambo mfumu a nthawi imeneyo.

"Fewetsani pang'ono, aphunzitsi, mupulumutse mzimu wa mnzanu," anatero ansembewo.

"Abambo, ndipulumutse mzimu ndi bodza?"

Anapemphera, anasala kudya. Kenaka tsiku lina masana anaima pakati pa chipinda n'kuutchula mzerewo momwe unalili. Makina otayipira anati zii.

"Bwerezani, bambo," anatero mayi.

Anabwereza.

"Mwa onse amene abwera kudzandipepesa, mayi uyu yekha ndiye wanena zoona." Atatero anapitiriza kutayipa.

Ena mumpingo muno ankanong'ona kuti aphunzitsi anasankha buku n'kutaya mkazi. Buku lake liti? Silinasindikizidwe n'komwe, ndipo sukulu inachotsa phunziro la masewerowo iwo asanapume pantchito. Zaka zinapita akubwera kutchalitchi okha, akusesa, akuyendera odwala, tsitsi likuyera. Mkazi wawo sanamukakamizepo, sanamutumizirenso akuluampingo. Wina akafunsa ankangoti, "Ndikudikira. Mulungu mwini wake akudikiranso." Mtima unkawawawa, ndipo tonse tinkaona.

Matenda atawagoneka, bambo mfumu anabwera kudzawadzoza mafuta. Ansembe atatuluka, aphunzitsi anatembenukira kwa mkazi wawo.

"Mayi, tipemphere limodzi. Kamodzi kokha."

Mayi anawagwira dzanja n'kuwapukuta pachipumi. "Pempherani, bambo. Ine ndili pompano."

Ananena Atate Athu okha, pang'onopang'ono. Atafika kumapeto anasiya Amen osamutchula, kuti mwina mnzawo amalize. M'chipinda munangokhala chete. Anatseka maso mwamtendere, akudikirabe, ndipo sanatsekulenso.

Atisiyira chitsanzo cholemera kuchinyamula: munthu amene anakana kunama, nanyamula zotsatira zake osanyinyirika mpaka imfa. Mulungu awalandire. Tiwakumbukirenso amayi m'mapemphero athu. Tsiku la maliro anaperekeza bokosi mpaka pamasitepe a tchalitchi, analisisita, n'kukhala pansi panja mpaka Misa inatha.