Chipsera cha Pamsana pa Akazi Anga

Chinayamba ngati kachipsera pamsana pa akazi anga, m'munsi mwa phewa. Sichinkawawa. Zaka zinapita osachilabadira. Chaka china chinakula msanga, n'kuuma ngati mbatata yosapsa. Kuchipatala cha pa boma anatitumiza ku Blantyre. Kumeneko anachidula, n'kuchotsanso mnofu wambiri wozungulira.

Dokotala anandiitanira pambali. Anati ndi khansa ya pakhungu imene saiona kawirikawiri. Nthawi zambiri imangobwerera pamalo omwewo, koma ya akazi anga inali itasintha, yaukali. Ikhoza kubwerera msanga, ikhozanso kufika kumapapo. Ndinafunsa ngati achire. Anati sangalonjeze. Ena amakhala zaka zambiri, ena ayi. Chofunika n'kupeza chotupa chikadali chaching'ono. Anagwira dzanja langa n'kundisonyeza kapapasidwe ka m'mbali mwa chipsera, chifukwa munthu sadziona kumsana.

Ine ndine wa khasu. Manja anga ndi okhakhala. Kwathu ku Thambani mwamuna wa msinkhu wanga sagwira mkazi wake dzuwa likuwala. Ngakhale m'galimoto sitinkakhala moyandikana. Ndinati ntchitoyi azigwira mlamu wanga, mng'ono wawo. Akazi anga anakana. Anati amene waphunzitsidwa ndine.

Ndiye Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi tinkapita kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa manachesi, pamene pamawala bwino. Iwo ankatsitsa bulauzi, ine n'kumapapasa. Poyamba ankaseka, ati ndikupapasa ngati ndikugula mbuzi pamsika. Ndinayamba kunyika kaye manja m'madzi ofunda n'kupaka mafuta kuti ndisawakande. Ankandinena kuti unyamata wandipeza pa ukalamba.

Mvula inagwa n'kutha, inagwanso. Tikapita kokaunikitsa mapapo ankati ali bwino.

Lamlungu lina, manachesi atapsa, chala changa chinaima. Panali kachotupa kakang'ono ngati njere ya mtedza, kumapeto kwa chipsera. Ndinadutsapo, n'kubwererapo. Iwo anali akusenda nachesi, akudandaula za mbuzi ya aneba imene yazolowera dimba lathu. Anasiya nkhaniyo pakati.

"Mwaimiranji, bambo?"

Ndinafuna kunena kuti palibe.

"Kalipo," ndinatero. "Kakang'ono."

Iwo anamaliza kusenda, anagawa pakati, n'kundipatsira cham'mbuyo osatembenuka.

"Ndiye ntchito yanu inali yomweyo. Mwakapeza kakadali kakang'ono. Mawa tilawirire."

Dzanja linalo sindinalichotse pamsanapo. Iwonso sanafulumire kukweza bulauzi. Tinadya nachesi lija.

M'mawa mwake pa boma tinakwera minibasi ya ku Blantyre. Ndinakhala nawo mpando umodzi, dzanja langa lili kumsana kwawo, kuti pa mabampu chipsera chisagunde chitsulo. Anthu ankayang'ana. Ndinawasiya ayang'ane.