Mayi Anakana Dzanja la Mkamwini Wawo ku Chilwa

Anthu akamandifunsa chifukwa chimene ndimakanira maulendo a kunyanja, ngakhale ana atandilonjeza galimoto yabwino ndi malo ogona, ndimangoti madzi ambiri amandichititsa chizungulire, koma limenelo ndi bodza longothawira mafunso. Lero ndikuuzani chenicheni, ndipo chonde musachiyese nthano, chifukwa izi ndinaziona ndi maso angawa, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo achikulire a kwathu kuno kwa Malemia akuzikumbukirabe. Mayina sinditchula, poti eni ake ena anagona kale.

Munali m'zaka za m'ma 1980, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi wongoyamba kumene kuyankhula, wina ali m'mimba, masiku atatsala pang'ono. Amuna anga anali dalaivala pa sukulu ina ku Domasi konkuno, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu anadzamanga kwathu, khomo lathu kuyang'anana ndi la mayi anga. Mayiwo anali Mlomwe weniweni, makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo ulemu wa pakati pa mpongozi ndi mkamwini sankauseweretsa ayi. Inu a masiku ano amene mumakhala pampando umodzi ndi apongozi anu n'kumaseka mpaka kuombana m'manja, mungamvetse kodi? Mayi akaona amuna anga akubwera m'njira, ankapatukira m'chimanga mpaka adutse. Akafuna kuwauza kanthu, ankakhala pansi chapatali atayang'ana kumbali, n'kumauza ine, ineyo n'kumabwereza mawu omwewo kwa munthu woti wamva kale ndi makutu ake. Kukhudzana ndiye musanene n'komwe. Ndipo amuna anga, ngakhale anakulira m'tauni, anazitsata zonsezi bwinobwino, moti mudzi wonse unkawatama kuti mkamwini ndi ameneyu.

Inde, panali kamwambo kofewetsera zimenezi, koti mpongozi amaphera mkamwini nkhuku, awiriwo n'kupatsana moni wa padzanja pamaso pa ankhoswe, kuyambira pamenepo n'kumayankhulana momasukirapo. Koma ife tinkangozengereza. Chaka china chitopa chinatha nkhuku zonse, chaka china ankhoswe anadwala, kenako tinangozolowera, poti panalibe chotithamangitsa.

Tsono ntchito ya amuna anga ndi imene inabweretsa maganizo a kunyanja. Ankanyamula aphunzitsi ndi mabanja awo kupita nawo ku Mangochi pa tchuthi, ndipo akabwerako nkhani inkangokhala ya mchenga woyera, ana akugubuduka m'madzi, amayi akuseka pansi pa mtengo. Anaphunzira kusambira komweko, ndipo mphunzitsi wina anawapatsa kakabudula kosambirira, kofiira, kothina, koti nditakaona koyamba ndinawafunsa ngati kanali ka mwana wathuyo. Mtima wawo unali wabwino, ankafuna kuti nafenso tilaweko zimene ankangoonera anzawo. Anabwereka pikapu yakutha kwa mnzawo wa golosale ku Naisi, koma poti siikanafika ku Mangochi, anati tipite ku Chilwa, nyanja imene timaiona ikunyezimira tikakwera kuphiri. Madzi ndi madzi basi, anatero. Mayi sankafuna, koma ndinali wotopa ndi mimba ndipo panafunika wogwira mwana, ndiye anakwera kumbuyo atavala diresi la kutchalitchi, zitenje ziwiri ndi duku.

Amene amati ulendo wa kunyanja ndi wosangalatsa sanafike ku Chilwa mwezi wa Okutobala. Tinafika fumbi lili m'mano, msana ukuwawa ndi mabampu. Padoko panali anthu ambiri, fungo la matemba oyanika ndi ntchentche zosaneneka, ndiye amuna anga anati potere azimayi sangamasuke, n'kutsata kanjira kena mpaka pamalo a zii, popanda ngakhale bwato limodzi. Mchenga woyera uja kunalibe. Kunali dothi lakuda long'ambikang'ambika, bango, ndi madzi otuwa ngati otsukira mbale. Mthunzi tinachita kubisala m'mbali mwa galimoto, zakumwa za m'mabotolo zinatentha ngati tiyi, mwana akungolira, mabanzi akuuma tikuwaona. Ndinayang'ana amuna anga ndi diso loti kodi chisangalalo chija n'chimenechi, iwo n'kumaseka mokakamiza kuti tikalowa m'madzi tiiwala zonse.

Atangoyamba kumasula mabatani a shati, mayi ananyamuka msangamsanga. Anandinong'oneza kuti akukaviika mapazi kuseri kwa bango, kutali, kuti abambo, mmene ankawatchulira amuna anga, asambe momasuka. Ndinawaona akuyenda m'mphepete mwa madzi atakwinya chitenje, mpaka bango linawabisa. Amuna anga anavalira kakabudula kaja kuseri kwa galimoto n'kuthamangira m'madzi mbali inayo, ine ndinatsala ndikunyengerera mwana ndi dzira lowiritsa.

Patapita kanthawi ndinamva mayi akundiitana. Sikunali kukuwa ayi, ndipo chimenechi n'chimene chimandiwawa mpaka lero. Ankaitana motsitsa mawu, mwaulemu, ngati mmene ankaitanira akafuna kupempha mchere. Ndiye nanenso ndinanyamuka mosafulumira, mwana ndamugwira padzanja, mwinanso ndikudandaula mumtima kuti akundiyendetseranji padzuwa. Nditakhota kuseri kwa bango, mutu wanga unaima. Mayi anali m'madzi ofika pachifuwa. Pamenepo panali ngalande imene asodzi anadula m'bango kuti azidutsamo ndi mabwato, ndipo pansi pake sipanali miyala ngati mumtsinje wa Domasi umene tinazolowera, panali thope lokhalokha. Anati anangoponda kawiri, mwendo n'kutitimira, pofuna kuuzula winawo n'kutitimiranso.

Mukuganiza kuti mawu awo oyamba anali oti ndiitane anthu? Anandiuza kuti ndisachite phokoso, ndingowapezera kamtengo, abambo asamve. Kamtengo ku Chilwa mungakapeze kuti? Ndinathyola bango n'kuwapatsira, linathyoka. Ndinathyola lina, linandicheka m'manja magazi chuchuchu, n'kuthyokanso. Ndinalowa ndekha, ndipo phazi loyamba lomwe ndinamva thope likundikoka mpaka m'mawondo, lozizira, logwira ngati lili ndi manja. Mayi anandikalipira kuti ndibwerere, kodi ndikufuna kupha anthu awiri? Ndinakwawira kumtunda ndi mimba yangayo. Nditacheuka madzi anali m'mapewa, chifukwa akamayesa kudzizula m'pamene ankazamirako, zitenje zija zitalemera, mphepo nayo itayamba kukankha timafunde tomawamenya pachibwano.

Apo ndinaiwala malamulo onse, ndinakuwa mokweza moti mbalame zinabalalika m'bangomo. Amuna anga anatulukira akuthamanga, madzi ali chonchololo m'thupi, atavala kakabudula kofiira kokhako. Mayi atangowaona anakokera duku kumaso n'kutembenuka kuti awafulatire, ndipo potembenukapo, miyendo ili yogwidwa m'thope, anapendekeka n'kumwa madzi. Amuna anga anafika pamphepete penipeni n'kuima njo. Anayang'ana mayi, anadziyang'ana okha, manja anawapinda kutsogolo ngati mwana wogwidwa akuba. Kenako, anthu inu, anatembenuka n'kuthamangira kugalimoto.

Ndinaganiza kuti akukatenga chingwe. Ayi ndithu, ankakavala buluku. Mawu amene ndinawatukwana tsiku limenelo sindinawatchuleponso pamoyo wanga, ndipo mwana wanga amene anali chiimire pambali panga anasiya kulira n'kungondiyang'ana. Galimoto sinali patali kwenikweni, koma kwa ine zinali ngati apita ku Zomba wapansi. Ndinkaona mutu wa mayi ukumira, n'kutuluka, n'kumiranso, akutsokomola, koma dzanja limodzi likadagwirabe duku kumaso. Munthu akumira koma akusamala kuti asaone miyendo ya mkamwini! Ndinkawachonderera kuti ayang'ane kumwamba, atseke pakamwa, apirire pang'ono, koma sindikudziwa ngati ankandimva.

Amuna anga anabwerera atavala buluku ndi shati yomwe, n'kudziponya m'ngalandemo. Anatambasula dzanja n'kunena kuti amayi agwire. Mayi anabweza manja awo onse awiri pachifuwa n'kupukusa mutu. Anachondereranso, mayi anakanabe, ndipo funde lina linawaphimba kumutu. Pamenepo ndinamva amuna anga akupepesa mokweza, kupepesa ngati munthu amene akukachita tchimo lalikulu, kenako anawagwira m'chiuno ndi manja awiri. Onse anamira. Madzi anada bii, ine ndili chogwada m'thope, ndikuitana Mulungu ndi azigogo anga omwe pamodzi. Amuna anga anatuluka kudzapuma, n'kumiranso kukafukula miyendo ya mayi ndi manja, mwendo umodzi kenako winawo. Pomaliza anawazula n'kuwanyamula pachifuwa ngati mwana, koma zitenje zonse ziwiri zinatsalira m'thopemo, diresi litakwinyikira m'mwamba. Amuna anga anayenda nawo mpaka kumtunda atatsinzina, ine n'kuthamangira nsalu imene tinayala podyera kudzawafunditsa.

Mayi anasanza madzi akuda ambiri, koma anali moyo, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Pobwerera anagona kumbuyo kwa pikapu mutu uli pamiyendo panga, nkhope ataphimba njira yonse. Za kuchipatala anakaniratu, ankaopa kuti akafunsidwa chimene chachitika. Kutacha thupi linali moto, chifuwa chikulira ngati muli madzi owira, ndipo tinawatengera kuchipatala ku Zomba mowakakamiza. Adokotala anati ndi chibayo, madzi oipa aja analowa m'mapapo. Amuna anga ankabwera tsiku lililonse ndi phala m'kabakuli, koma ankathera pakhonde, m'chipindamo sanalowemo ngakhale kamodzi.

Tsiku lomaliza mayi anandikodola kuti ndiwayandikire. Ndinkayembekezera kuti anena za ululu, kapena za munda, kapena za mwana amene ndinali naye m'mimba. Iwo anafunsa ngati panali munthu wina amene anaona. Nditawatsimikizira kuti panalibe, anapumira m'mwamba n'kunena kuti ndikawapepesere kwa abambo, chifukwa awachititsa manyazi aakulu. Anawonjezera kuti nkhuku yawo ina yamawanga tisaigulitse, ndi ya abambo, akachira adzawaphera. Madzulo ake anatisiya. Nditatuluka kukapereka uthengawo pakhonde paja, amuna anga anakhala pansi n'kulira mokweza, anthu odutsa akuwayang'ana.

Kumudzi nkhani zinayenda monga mukudziwira. Ena ankati mizimu ya ku Chilwa siifuna alendo obwera kudzasewera, ena, opanda chisoni, ankanong'ona kuti mkamwini anakapereka mpongozi wake kunyanja kuti akhwime pantchito. Amuna anga kakabudula kaja anakatentha, maulendo a ku Mangochi ankapempha kuti apite dalaivala wina, ndipo nkhuku yamawanga ija anakana kuti iphedwe ngakhale pamaliro, inafa yokha ndi ukalamba. Mpaka tsiku limene nawonso anatsikira kuli chete, nthawi zina ankangoyamba okha kundifunsa, tili pakhonde, ngati mayi akanakhala moyo iwowo akanapanda kubwerera kukavala buluku. Ndinkawayankha kuti ayi, zinali zolembedwa. Koma mumtima ndinkadziwa, ndipo iwonso ankadziwa.

Ine za mizimu ya m'nyanja sindizikhulupirira, ndipo amuna anga sindiwaimba mlandu, chifukwa anachita chimene tonse tinkawatamira zaka zonse zija. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti mayi anga anaphedwa ndi manyazi, thope linangothandizira. Ulemu ndi wabwino, ndipo mpaka lero ndimanyansidwa ndi mwana wopatsa wamkulu chinthu ataimirira, koma ulemu wathuwu unapangidwira pabwalo ndi m'njira za kumunda, kumene munthu angathe kupatukira m'chimanga. M'madzi mulibe kopatukira. Ndiye inu amene mumadzaza banja lonse m'galimoto kuti mukasangalale kunyanja, yambani mwadzifunsa kuti wina akamamira, ndani ali womasuka kumugwira, ndipo wamkulu asapite yekha kuseri chifukwa chothawa maso a munthu.

Mwana wanga uja, amene anaima m'bango tsiku limenelo, atakula anabweretsa mwamuna. Tsiku la chinkhoswe lomwelo ndinagwira nkhuku ndekha n'kuipha, osadikira kuti chaka chikhale chabwino. Ndinadutsa pakati pa anthu, azimayi anzanga akundikoka chitenje kuti ndachita misala, n'kukagwira dzanja la mnyamatayo ndi manja anga awiri, iye maso ali pansi. Ndinamuuza pamaso pa ankhoswe onse kuti dzanja langa ndi limeneli, walikhudza kale, ndipo tsiku limene adzandione ndikugwa, kaya m'madzi, kaya pamoto, kaya kubafa, adzandigwire mmene alilimo, za buluku tidzakambirana ndili moyo.