Tinkadikira Maselo a Mwana Wathu

Mwana wathu wamkazi ali kunja, kusukulu ya ukachenjede. Ntchito yake anandifotokozera pafoni, ine ndikusita zovala kwathu ku Chinyonga. Akuti amatenga maselo n'kusintha malangizo amene ali m'kati mwake, kuti azilozera asilikali a m'thupi khansa, kuwauza kuti mdani ndi uyu. Ine pakamwa panga sipasunga kanthu. Lamulungu lisanathe, mpingo wonse unali utamva kuti mwana wanga wapeza mankhwala a khansa.

Nthawi imeneyo bambo ake anali atalandira diripi ya khansa kawiri. Inkawasanzitsa, tsitsi linathothoka, ndipo minibasi ya ku Limbe inkangowamaliziratu. Atamva kudzitama kwangako, anamuimbira mwanayo kumufunsa ngati zinthu zakezo zimachiza. Kwa ife ochokera ku Chigwa cha Shire, mwana sayankha bambo ake kuti ayi. Iye anangoti, "Tikuyesetsa, ababa." Iwo anamva kuti inde.

Tsiku la diripi yachitatu anakana kuvala nsapato. "Poizoni ameneyu ndatopa naye. Ndidikira za mwana wanga pa Khirisimasi." Ndinakalipa, ndinalira, kenako ndinangozisiya. Choipitsitsa n'chakuti mwanayo akaimba ndinkamuuza kuti akupezako bwino. Paja timati mwana akakhala pasukulu osamusokoneza ndi za matenda. Ulemu umenewo ndimadana nawo mpaka lero.

Anafika mu Disembala. Bambo ake anali atatheratu, zotupa za m'khosi zili ngati mazira. Atagwada pafupi ndi bedi kuti awapatse moni, iwo anapinda malaya n'kumutambasulira mkono kuti awabaye.

"Ababa," anatero mwanayo, "maselo aja akadali m'timbale ta magalasi. Ngakhale pa mbewa sitinawayesebe."

Anandiitanira pakhonde n'kundifunsa kuti diripi anasiya liti. Ndinati mu Ogasiti. Sanandikalipire, koma bola akanatero. Anangowerenga miyezi pa zala, n'kuima pa chachinayi.

M'mawa mwake tinapita nawo kuchipatala. Dokotala anayang'ana mapepala, anatiyang'ana ife, n'kunena kuti tibwerere nawo kunyumba ndi mankhwala opha ululu. M'takisi, tikudutsa pa Chichiri, bambo ake anamugwira dzanja mwanayo n'kumuuza kuti asapupulume pa ntchito yakeyo, iwo adikirabe.