Dzino la Amayi ndi Lole ya Thonje

M'kachitini ka fodya ka amalume munkakhala dzino limodzi lakutsogolo, lachikasu kumizu. Linali la amayi. Ndinkalitulutsa mwakabisira n'kuliika pachikhatho, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo.

Inali nyengo yokolola thonje, ndili kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi zitatu. Abambo anali kumigodi ku Joni, choncho amayi anapeza ganyu yosankha thonje kwa mzungu wina kuchigwa, cha ku Sharpevale. Ine ndinkapita nawo kukalera mng'ono wanga wakhanda. Loweruka lililonse lole ya mzunguyo inkakwera mtunda kupita ku Boma, ife aganyu titakhala pamwamba pa matumba a thonje, popanda pogwira. Kutsogolo kunali malo a anthu atatu, koma pakati pa mzungu ndi dalaivala pankakhala galu.

Poyamba ndinkaikonda loleyo. Ikamanyamuka, chinachake chinkandikokera kumbuyo. Pokhota ndinkagwera pa amayi osafuna, ndipo ikadumpha pakamtunda m'mimba munkachita zii. Ndinafunsa amalume, amene anabwerako kumigodi ndi chifuwa chosatha, kuti amatikankha ndani.

"Palibe akukankha iwe," anatero. "Kheji, chikepe chija chonyamula anthu, ikamatsika nafe mumgodi, matumbo ankakwera kukhosi. Ikamaima pansi, mawondo ankalemera ngati wabereka mnzako. Thupi likayamba ulendo silifuna kuima."

Loweruka lina tinali pamalo otsetsereka, lole ikuthamanga, fumbi lofiira likutilowa m'mano. Amayi ankayamwitsa. Mzungu anaona nkhanga zikuwoloka msewu, n'kukalipira dalaivala kuti aime pomwepo. Mabuleki analira. Lole inaima, koma ife sitinaime. Ine ndinagwera pakati pa matumba, koma amayi anauluka n'kukamenyetsa nkhope pachitsulo cha kuseri kwa dalaivala. Phokoso lake linali ngati mphika wosweka.

Kenako mfuti inalira kawiri.

Mzungu anabwerera atanyamula nkhanga miyendo, galu akudumphadumpha. Sanayang'ane pakamwa pa amayi. Anayang'ana magazi amene anadontha pathonje lake loyera, n'kunena m'Chinyanja chake chopotoka: "Anthu inu simudziwa kukhala pa galimoto." Anatitsitsa pomwepo. Dalaivala anangoyang'ana chiwongolero, ndipo aganyu anzathu anaweramitsa mitu. Sindiwaimba mlandu tsopano; nawonso anali ndi ana ofuna kudya. Koma munthu amene anaimitsa lole yodzaza anthu chifukwa cha ndiwo, iyeyo sindinamukhululukire, ngakhale abusa andiuze kangati.

Tinayenda wapansi mpaka kwathu, amayi ataluma duku, mwana akugona kumsana alibe ngakhale kabala.

Chimene chimandipsetsa mtima koposa n'chakuti ndinamukhulupirira mzunguyo. Amayi anasiya kuimba kutchalitchi, ndipo akamaseka ankaphimba pakamwa. Ine ndinkachita nawo manyazi. Tsiku lina ndinauza amalume kuti amayi anagwa chifukwa cha uchimidzi. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anati, "Usadzabwerezenso mawu amenewo pakhomo pano." Sanandimenye. Bola akanandimenya.

Patapita zaka, aphunzitsi anaika mwala pathabwa, n'kulikankha, n'kuliimitsa mwadzidzidzi. Mwala unapitirira mpaka kugwa pansi. Anati chilichonse chimatero, kaya mwala, kaya munthu, kaya bwanamkubwa, ndipo kuima kukakhala kwadzidzidzi thupi limakaomba ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo. Anzanga anaseka. Ine ndinatuluka panja.

Pamsewu paja ndinkangoona mayi wamkulu amene walephera kudzigwira pamene ine kamwana ndatuluka bwinobwino. Sindinkadziwa kuti munthu akamagwa manja amathamangira okha kutchinga nkhope. Amayi anali nawo manja awiri ngati wina aliyense, ndipo onse awiri sanawachotse pa mwana.